Anafika kumwezi mu 1969, nanga n'chiyani chikuwaletsa kubwererako?

Funso: Ndine mphunzitsi wa sayansi pa sekondale ina yoyendera. Ana anga amandifunsa kuti ngati anthu a ku America anapondadi pamwezi mu 1969, ndi makompyuta ofooka kuposa foni ya m'thumba, bwanji mpaka lero sanapondekonso? Ena akuti linali bodza. Ine ndimawayankha kuti vuto ndi ndalama, koma nanenso sindikhutira, poti America ndi yolemera lero kuposa kale. Komanso kodi n'koyenera kuti boma lizithira ndalama kumwezi anthu akugona ndi njala?

Yankho: Aphunzitsi, zomwe mumawauza anawo n'zoona, vuto ndi ndalama. Koma mwachita bwino kusakhutira, chifukwa ndalamazo dzikolo lili nazo. Chomwe chinatha ndi chifukwa chomwe chinkachititsa aphungu kuzitulutsa mosanyinyirika. Kuyambira 1989 atsogoleri a ku America akhala akulonjeza mwezi pamisonkhano, koma likafika tsiku logawa bajeti amapereka ndalama zosafika kumweziko.

Za bodza tisatayepo nthawi. Anthu 12 anayenda pamwezi pa maulendo 6, kuyambira July 1969 mpaka December 1972. Anabwera ndi miyala ndi dothi zolemera makilogalamu 382, zomwe akatswiri a m'mayiko ambiri akuzifufuzabe. Chombo chopanda munthu cha Lunar Reconnaissance Orbiter, chomwe chinafika kumwezi mu 2009, chinajambula malo omwe anatera, ndipo zitsulo zomwe anasiya ndi tinjira tomwe anaponda zikuoneka. Soviet Union, yomwe inali ndi zida zolondolera maulendowa komanso chifukwa chachikulu choyalutsira adani akewo, sinatsutse.

Mfundo ya foni ndiyo imasokoneza ana ambiri, ndipo mpomwe mungaphunzitsirepo fizikisi yabwino. Chodula paulendo wa kumwezi si kuwerengera masamu ayi, ndi kunyamula katundu. Roketi ya Saturn V inali yotalika mamita 110, ndipo ikadzazidwa inkalemera matani pafupifupi 3,000, mbali yaikulu zedi ili mafuta okhaokha. Pa zonsezo chomwe chinkabwerera padziko chinali kachipinda kosakwana matani 6 momwe munkakhala anthu atatu. Zina zonse zinkatayidwa m'njira, ulendo uliwonse. Kompyuta inachepa mpaka kulowa m'thumba la malaya, koma munthu sanachepe. Akufunabe mpweya, madzi, chakudya, chomutchinga ku kutentha ndi kuzizira, komanso njira yobwerera ali wamoyo, ndipo kilogalamu iliyonse yosunga moyo wakeyo imalira makilogalamu ambirimbiri a mafuta oikankha.

Ndiye boma linalolera bwanji kulipira nthawi imeneyo? Linali ndi mantha. Pa 12 April 1961 Yuri Gagarin wa ku Soviet Union anakhala munthu woyamba kuzungulira dziko lapansi m'mlengalenga. Patangopita masiku ochepa, chiwembu chomwe America inathandizira chofuna kugwetsa mtsogoleri wa dziko la Cuba, Fidel Castro, chinalephera mochititsa manyazi ku Bay of Pigs. Apo n'kuti mayiko ambiri a mu Africa ndi Asia akulandira ufulu wodzilamulira, ndipo mbali zonse ziwiri zikufuna kuwaonetsa kuti njira yawo ndiyo ya m'tsogolo. Pa 25 May 1961 pulezidenti John F. Kennedy anaima pamaso pa Congress, nyumba ya malamulo ya dzikolo, n'kupempha kuti munthu akaponde pamwezi zaka khumizo zisanathe. Ulendo wa munthu womwe America inali itachitapo unali umodzi wokha, wa Alan Shepard, wa mphindi 15. Ndipo Kennedy mwini wake sanali wotengeka ndi nyenyezi. Pamsonkhano wa mu November 1962, womwe mawu ake anajambulidwa pa tepi, anauza James Webb, mkulu wa NASA, bungwe la boma loona za mlengalenga, kuti za mlengalenga alibe nazo chidwi kwenikweni, chomwe akufuna ndi kupambana a Soviet. Ndalama za Apollo, ntchito yotumiza anthu kumweziyo, zinali ndalama za nkhondo, ngakhale kuti mfuti sinalire.

Pali manambala awiri omwe ndingakonde muwalembe pabolodi. Mu 1966, pa madola 1,000 aliwonse omwe boma la America linagwiritsa ntchito, pafupifupi 44 anapita ku NASA. Masiku ano amapitako pafupifupi 4. Pachimake pa ntchitoyi anthu pafupifupi 400,000 ankadyera pa Apollo, m'maofesi a boma, m'makampani ndi m'mayunivesite. Yonse inadya madola pafupifupi 25 biliyoni a nthawiyo, omwe pa mphamvu ya dola ya masiku ano ndi oposa 250 biliyoni.

Bajetiyo inayamba kutsika munthu woyamba, Neil Armstrong, asanaponde n'komwe pamwezi. Nkhondo ya ku Vietnam inkameza ndalama, ntchito za pulezidenti Lyndon Johnson zolimbana ndi umphawi nazonso zinkafuna zawo. Anthu wamba sanali pambuyo pa Apollo monga timaganizira lero. Katswiri wa mbiri ya NASA, Roger Launius, atasanthula kafukufuku wa maganizo a anthu wa zaka zimenezo anapeza kuti nthawi zambiri oposa theka ankaona kuti ntchitoyi ikudya ndalama zosayenera, kupatula pa nyengo yomwe Apollo 11 inatera. Mu 1969 komiti yotsogozedwa ndi wachiwiri kwa pulezidenti, Spiro Agnew, inapereka mapulani ofika mpaka ku Mars. Pulezidenti Richard Nixon anayankha mu March 1970 kuti ndalama za mlengalenga ziyenera kuima pamzere limodzi ndi zofuna zina zonse za dziko. Mfundo imeneyo ndiyo ikulamulirabe mpaka lero.

Chaka chomwecho maulendo atatu omaliza, omwe akanakhala Apollo 18, 19 ndi 20, anafufutidwa. Zigawo za roketi zomwe zinali zitapangidwa kale zilipo, zagonekedwa chambali ku Houston ndi ku Kennedy Space Center ku Florida, ndipo alendo amajambulitsa pansi pa mainjini asanu aja, iliyonse kukamwa kwake kotambalala mamita oposa 3. Zambiri mwa izo zinali zoti ziuluke, chinasowa ndi ndalama yoziulutsira. Mizere ya m'mafakitale inatsekedwa, mainjiniya anabalalika. Mapepala a mapulani alipo, koma luso la m'manja mwa owotcherera zitsulo ndi makampani ang'onoang'ono omwe ankapanga tizipangizo tapadera, zimenezo sizisungika m'kabati. Chomwe chimandiwawa ine n'chakuti katswiri weniweni wa miyala, Harrison Schmitt, anafikako paulendo womaliza wokha, sayansi itangoyamba kukoma.

M'malo mwake Nixon anavomera Space Shuttle mu January 1972, atalonjezedwa kuti chombo chobwerezabwereza chidzatsitsa mtengo. Sizinatero. Shuttle inauluka maulendo 135 kuyambira 1981 mpaka 2011, ndipo kuwerengera zonse ulendo umodzi unkadya madola pafupifupi 1.5 biliyoni. Anthu 14 anafera m'ma Shuttle awiri, Challenger mu 1986 ndi Columbia mu 2003. Inkakwera makilomita mazana angapo basi, pomwe mwezi uli pa mtunda wa makilomita 384,000. Kwa zaka makumi anayi ndalama zotumizira anthu m'mlengalenga zinathera pa Shuttle ndi pa siteshoni ya International Space Station, yomwe imazungulira pa mtunda wa makilomita 400 okha ndipo inadya madola oposa 100 biliyoni.

Tsopano za kulemera kwa America, poti mpomwe pagona kusakhutira kwanu. Mu 2024 boma la dzikolo linagwiritsa ntchito madola oposa 6,700 biliyoni. Koma mbali yaikulu ya ndalamazi imatuluka yokha mwa lamulo, aphungu asanakhale pansi: penshoni ya okalamba, chithandizo cha kuchipatala, chiwongoladzanja cha ngongole za boma. Chotsala, chomwe ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi, ndicho amachigawa chaka ndi chaka, ndipo pafupifupi theka la chimenecho limapita kwa asilikali. NASA ilibe thumba lakelake. Ili m'komiti imodzi ndi apolisi a FBI, ndende za boma, a zanyengo ndi a kalembera wa anthu, choncho dola yowonjezera ku roketi imachotsedwa kwa mmodzi wa amenewa. Madola pafupifupi 25 biliyoni omwe imalandira nawonso si a mwezi okha. Oposa 7 biliyoni amapita ku sayansi ya zombo zopanda anthu ndi makina oonera kutali, pafupifupi 3 biliyoni ku siteshoni ndi maulendo opitako, ena ku kafukufuku wa ndege, malipiro ndi kukonza nyumba zomangidwa m'zaka za m'ma 1960. Za mwezi zimatsala ndi zosakwana 8 biliyoni.

Choipa kwambiri kuposa kuchepa kwa ndalamazo ndi kabweredwe kake. Ntchito ya zaka khumi ndi zisanu imapatsidwa ndalama za chaka chimodzi chimodzi. Chaka cha boma chimayamba pa 1 October, koma kawirikawiri aphungu amakhala asanagwirizane, ndiye amangolamula kuti aliyense apitirize ndi ndalama za chaka chatha, osayamba chatsopano. Mwaonapo nyumba yomangidwa ndi ndalama zodontha: chaka chino maziko, chaka chamawa mpaka pawindo, kenako zii. Mlonda akulipidwabe, simenti yakwera, njerwa zina zagumuka ndi mvula, ndipo ikamadzatha imakhala itadya kuposa momwe ikanadyera ikanamangidwa kamodzin'kamodzi. Roketi ndi chimodzimodzi. Mainjiniya zikwizikwi, mafakitale ndi mabwalo oulutsira amalipidwa chaka chilichonse, roketi iuluke kapena isauluke. Kuchedwetsa ntchito pofuna kupulumutsa ndalama chaka chino kumakweza mtengo wa ntchito yonse.

Mbiri ya malonjezo ikuonetsa zomwezo. Mu July 1989 George H. W. Bush analengeza za kubwerera kumwezi ndi kupita ku Mars. NASA itawerengera inapeza madola pafupifupi 500 biliyoni pa zaka makumi atatu, ndipo nkhaniyo inafera m'nyumba ya malamulo. Mu June 1993 siteshoni ija inapulumuka ndi voti imodzi yokha, 216 kwa 215. Mu 2004 George W. Bush analonjeza mwezi pofika 2020, koma ndalama zomwe analonjeza sizinabwere zonse. Komiti ya Norman Augustine itaunika mu 2009 inati pakufunika madola ena pafupifupi 3 biliyoni pachaka kuti zolingazo zitheke. Barack Obama anathetsa ntchitoyo, ya Constellation, mu 2010, madola pafupifupi 9 biliyoni atalowa kale.

Apa pali chinthu china chomwe ana a fomu 4 angachimve bwino, chifukwa ndale za chitukuko cha m'dera amazidziwa. Aphungu a Congress sanalole kuti ntchito za m'madera awo zithe limodzi ndi Shuttle ndi Constellation. Mu 2010 anakhazikitsa lamulo lolamula NASA kupanga roketi yatsopano, Space Launch System, pogwiritsa ntchito makontirakiti ndi zipangizo zomwe zinalipo kale. Thunthu lake amapanga a Boeing ku New Orleans, maroketi a m'mbali amachokera ku Utah, ntchito yonse imayang'aniridwa ku Huntsville m'chigawo cha Alabama, kwawo kwa Richard Shelby, yemwe kwa zaka zambiri anali ndi mawu amphamvu pa kagawidwe ka ndalama ku Senate, imodzi mwa nyumba ziwiri za Congress. Lamulo linati iuluke pofika 2016. Inauluka koyamba pa 16 November 2022. Mkulu wofufuza kayendetsedwe ka ndalama ku NASA, Paul Martin, anauza aphungu chaka chomwecho kuti ulendo uliwonse wa roketiyi ndi chombo chake cha Orion udzadya madola 4.1 biliyoni, ndipo anati mtengo wotere sungapitirire. Ofesi yake inawerengeranso kuti ntchito yonse ya Artemis, yobwezera anthu kumwezi, idzakhala itadya 93 biliyoni pofika 2025.

Chimodzi mwa zifukwa zake ndi mtundu wa kontirakiti. Boma limabwezera kampani zonse zomwe yagwiritsa ntchito n'kuwonjezapo phindu, choncho kuchedwa sikuiluma kampaniyo. Taonani mainjini a RS-25. Anapangidwira Shuttle kuti azibwerera, kukonzedwa n'kuulukanso, ndipo ena anauluka maulendo ambiri. Pa roketi yatsopanoyi anayi amamangidwa kunsi, amayaka mphindi 8, kenako amagwera m'nyanja osatoledwanso. Ine sindiona njira yotetezera zimenezi pamaso pa wokhoma msonkho. Roketiyo imagwira ntchito, inatumiza Orion kuzungulira mwezi n'kubwerera bwino, koma pa mtengo womwe umalola ulendo umodzi pa chaka kapena kuchepera apo. Apollo inatera pamwezi kawiri mu 1969 mokha.

Njira ina ilipo ndipo inayesedwa. Shuttle itapuma mu 2011, America inakhala zaka zisanu ndi zinayi ikugula mipando m'chombo cha Soyuz cha ku Russia, ndipo mpando umodzi unafika pa madola pafupifupi 90 miliyoni. Mu 2014 NASA inapereka makontirakiti a mtengo wokhazikika: 4.2 biliyoni kwa Boeing, 2.6 biliyoni kwa SpaceX, zopitirira apo kampani idzionere yokha. SpaceX inanyamula anthu koyamba mu May 2020 ndipo yakhala ikutero kuyambira pamenepo. Ya Boeing inavuta. Butch Wilmore ndi Suni Williams, omwe anakwera Starliner, chombo cha Boeing, mu June 2024 paulendo wa masiku ochepa, anabwerera mu March 2025 pa chombo cha SpaceX. Koma zambiri mwa ndalama zopitirirazo inaluza ndi kampani, osati boma. Tisatengeke nazo mopitirira. Chombo cha SpaceX chotchedwa Starship chomwe chinasankhidwa kuti chikatsitse anthu pamwezi chiyenera kuthiridwa mafuta chili m'mlengalenga, ndi maulendo ambiri otsatizana, ndipo imeneyo ndi ntchito yatsopano yomwe Apollo sinaifune.

Funso lanu lachiwiri ndi lolemera, ndipo linafunsidwa kale ndi anthu omwe anali ndi ufulu wonse wolifunsa. Tsiku loti mawa lake Apollo 11 inyamuka, m'busa Ralph Abernathy, yemwe analowa m'malo mwa Martin Luther King, anafika pa chipata cha bwalo loulutsira ndi mabanja osauka ndi ngolo zokokedwa ndi nyulu. Mkulu wa NASA, Thomas Paine, anatuluka kukakumana nawo, n'kuwauza kuti kukanakhala kuti kusadina batani kuthetsa mavuto awo, sakanalidina. Chaka chotsatira sisitere wina wogwira ntchito ku Zambia, Mary Jucunda, analembera Ernst Stuhlinger, mmodzi wa akuluakulu a sayansi ku Huntsville, kumufunsa kuti angaganize bwanji zothira mabiliyoni paulendo wa ku Mars ana akufa ndi njala. Stuhlinger anayankha mwaulemu ndi kalata yaitali. Anati za mlengalenga zikutenga pafupifupi 1.6 pa 100 iliyonse ya bajeti, anati masetilaiti adzathandiza ulimi ndi kulosera nyengo, ndipo anaikamo chithunzi cha dziko lapansi chojambulidwa kuchokera kumwezi.

Maganizo anga ndi awa. Wofuna ndalama zodyetsera anjala wagogoda pa khomo laling'ono. Mutatseka NASA yonse lero mupulumutsa madola 4 pa 1,000. Asilikali a dzikolo amalandira kuposa pamenepo ka 30, ndipo mu 2024 chiwongoladzanja cha ngongole chinaposa ngakhale za asilikalizo. Koma funso la sisitere uja silinathe mphamvu, chifukwa yankho lomwe anapatsidwa limasakaniza zinthu ziwiri. Zomwe zimafika kwa mlimi wa ku Nsanje kapena ku Chipata ndi masetilaiti opanda munthu. Namondwe wa Freddy anatsatiridwa ndi masetilaiti kwa milungu ingapo akuwoloka nyanja ya Indian kuchokera kufupi ndi Australia asanafike kum'mwera kwa Malawi mu March 2023, ndipo machenjezo a zanyengo amadalira zithunzi zoterozo. Ntchito imeneyo sifuna kuti wina aponde pamwezi. Amene amateteza maulendo a anthu potchula phindu la masetilaiti akubwereka mbiri ya ntchito ina.

Nanga munthu amawonjezera chiyani? Liwiro ndi maso odziwa kusankha. Gene Cernan ndi Schmitt anayenda makilomita pafupifupi 35 pa masiku atatu, pomwe kagalimoto ka Opportunity ku Mars kanatenga zaka zoposa 14 kuti kakwanitse 45. Zombo zitatu za Luna za a Soviet, zopanda anthu, zinabweretsa dothi losakwana theka la kilogalamu. Komano India inatsitsa chombo chopanda munthu cha Chandrayaan-3 kufupi ndi kum'mwera kwa mwezi mu August 2023 ndi madola pafupifupi 75 miliyoni, ndiye kuti ndalama za ulendo umodzi wa Artemis zingalipire maulendo otero oposa 50. Chifukwa chenicheni chotumizira anthu ndi ulemu wa dziko, maubale ndi mayiko ena, komanso mtima wa munthu wofuna kukaona yekha. Ine zifukwa zimenezi ndimazilemekeza, ndipo ndikuona kuti dziko lolemera likhoza kuzipatulira kagawo kochepa kosasinthasintha. Chomwe ndimakana ndi kulanda sayansi kuti mbendera ifike msanga. Mu May 2025 boma la Donald Trump linapempha kuti bajeti ya NASA itsike kufika pa madola 18.8 biliyoni, ya sayansi idulidwe pafupifupi ndi theka, kuphatikizapo zombo zounika nyengo ya dziko lapansi. Aphungu sanagwirizane nazo zambiri mwa izi, ndipo mu July chaka chomwecho anawonjezera pafupifupi 10 biliyoni, zambiri zopita ku maulendo a anthu, kuphatikizapo roketi ija yomwe boma linkafuna kuipumitsa.

Chomwe chingasinthe zinthu ndi chomwe chinazisintha mu 1961, mpikisano. China inatumiza munthu wake woyamba, Yang Liwei, mu 2003, inamaliza siteshoni yake ya Tiangong mu 2022, inabweretsa dothi la kuseri kwa mwezi mu June 2024, ndipo yalengeza kuti ikufuna anthu ake apondeko 2030 isanafike. Mphamvu yake yagona pa kusasintha mapulani pakasintha atsogoleri. Ku Washington dzina la China limatchulidwa pafupifupi pa zokambirana zilizonse za bajeti ya NASA, koma mpaka pano lathandiza kuteteza ndalama zomwe zilipo, silinazichulukitse.

Ana anu akamva tsiku latsopano lobwerera kumwezi, aphunzitseni kufunsa kuti chombo chotera ndi zovala zoyendera pamwezi zapatsidwa zingati, poyerekeza ndi zomwe NASA inapempha. Mu March 2019 wachiwiri kwa pulezidenti, Mike Pence, analengeza kuti anthu adzatera mu 2024. Pa chaka cha boma cha 2021 NASA inapempha madola 3.3 biliyoni a chombo choteracho, ndipo mu December 2020 Congress inapereka 850 miliyoni. NASA inafuna kusankha makampani awiri koma ndalama zinangokwana imodzi, ndipo wowerenga bajeti aliyense anadziwa tsiku lomwelo kuti 2024 yapita.